Magazi osamva kuleka: nthenda imodzi, magiredi 6

Pali mawu ena amene amamveka otonthoza koma amatha kubisa matenda zaka ndi zaka. "Usadandaule mwanawe, kumtundu kwathu timasamba choncho." Mtsikana akudandaula kuti kumwezi akumatha masiku 9, mapadi sakulimba, sukulu akujomba, ndiye amayi ake kapena azakhali n'kumuyankha choncho. Ndipotu sakunama ayi. Iwonso ankatero, agogo nawo ankatero. Vuto lake ndi loti chinthu chikakhala cha banja lonse palibe amachiona ngati matenda, paja aliyense akudziyerekeza ndi mbale wake amene ali ndi vuto lomwelo.

Lero ndikufuna tikambirane za nthenda ina yoyenda m'magazi a pamtundu, dzina lake von Willebrand. Ambiri kuno ku Santhe sitinaimvepo, chonsecho pa matenda onse obadwa nawo olepheretsa magazi kuundana, iyi ndi imene imapezeka kwambiri padziko lonse, kuposa hemofiliya imene ina mwa inu munaimvako pa wailesi. Akatswiri amati munthu mmodzi pa 100 alionse akamuyeza amapezeka ndi kachizindikiro kake, koma amene imawavutitsa mpaka kufuna thandizo ndi pafupifupi mmodzi pa 1,000. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 840,000 m'boma la Kasungu. Pangani nokha samuyo: tikunena za anthu mazana angapo m'boma lathu lokhali. Ena mwa iwo timakwera nawo kabaza.

Chimene chandikoka kuti ndilembe n'chakuti kudziwa dzina la nthendayi pakokha sikukwanira. Ili ndi mitundu, ndipo mitunduyo anaigawa potengera m'mene puloteni ina ya m'magazi inapangidwira. Mankhwala amene amapulumutsa wa mtundu wina, kwa wa mtundu wina sagwira, ndipo kwa winanso amawonjezera vuto. Nde tiyeni tiyambe ndi puloteniyo.

Chingwe cha m'magazi

Mukadzicheka ndi mpeni posenda mbatata, thupi limakhala ndi ntchito yofanana ndi kutseka pamene madzi aboola damu. Matumba a mchenga alipo: timaselo ting'onoting'ono totchedwa ma platelet. Koma yesani kuponya thumba la mchenga pamadzi othamanga muone. Limakokoloka basi. Pamafunika chinachake choti chiyambe chakola pabowopo kuti matumbawo apeze pogwira.

Chinthu chimenecho ndi puloteni yotchedwa von Willebrand factor. Imapangidwa ndi maselo amene anayala m'kati mwa mitsempha ya magazi, komanso ndi maselo a m'mafupa amene amabala ma platelet. Thupi limapanga tizidutswa tofanana, n'kutilumikiza tiwiritiwiri, kenako n'kumalumikizabe mpaka chingwe chitalike, monga m'mene munthu amapotera luzi. Zingwe zina zimakhala zazifupi, zina zapakati, zina zazitali zedi, za tizidutswa makumi angapo. Asayansi zingwezi amazitcha ma multimer. Gwirani mawu amenewa, tiwafunanso.

Zinthu zikakhala bwino chingwechi chimayenda m'magazi chitadzipinda ngati nkhata, osakola kanthu. Mtsempha ukangobooka, mbali ina imakakamira pakhoma lovulalalo, ndipo liwiro la magazi limachitambasula. Chikatambasuka, malo ake omata amaonekera, ma platelet n'kuyamba kukodwa ngati mbalame pa ulimbo. Chingwe chikakhala chachitali malo omata amachuluka, nde zazitalizo ndiye akatundu enieni pa ntchitoyi. Zazifupi zimangothandizira.

Chingwechi chilinso ndi ntchito yachiwiri, ya ubereki. Chimabereka kumsana puloteni ina yotchedwa factor VIII, imene imathandiza kuluka ulusi wolimbitsa chotupa cha magazi oundanawo kuti chisasweke. Factor VIII akakhala pamsana pa chingwe amatha maola pafupifupi 12 m'magazi. Akakhala yekha, pakangotha maola awiri thupi limakhala litamuchotsa kale theka. Ndipo kuti zingwe zisatalike mopyola muyeso n'kuyamba kutseka mitsempha yabwinobwino, m'magazi muli sizasi yake, dzina lake ADAMTS13, imene imazidulira.

Onani tsono. Kachidutswa kalikonse ka chingwechi kali ndi malo ogwira khoma, malo ogwira ma platelet, malo oberekera factor VIII, ndi malo pamene sizasi imadula. Paliponse pa malo amenewa pangathe kulakwika. Apa ndi pamene pachokera mitundu ija.

Dzinali linachokera kuti

Mu 1924 dokotala wa ku Finland, Erik von Willebrand, anamubweretsera mtsikana wa zaka 5 wochokera pa kachilumba ka Föglö ku zilumba za Åland. Ankatuluka kamfuno pafupipafupi, nkhama zikuchucha magazi, ndipo azichemwali ake angapo anali atamwalira kale ali ana chifukwa chotaya magazi. Dokotalayo anafufuza mtundu wonse, anthu 66, n'kupeza 23 a vutoli, akazi ochuluka kuposa amuna. Mu 1926 analemba kuti iyi si hemofiliya imene madokotala ankaidziwa, ndi ina. Mtsikana uja anadzamwalira atangotha msinkhu, pa msambo wake wachinayi. Nkhani ya nthendayi inayamba ndi mtsikana ndi msambo, koma mpaka lero anthu akamva za matenda otaya magazi amaganiza za anyamata okha.

Chifukwa chake ndi hemofiliya. Pa hemofiliya chimene chimasowa ndi factor VIII, kapena mnzake factor IX, ndipo malangizo opangira zimenezi, amene asayansi amati gene, ali pa chromosome X. Mwamuna ali ndi X mmodzi yekha wochokera kwa amayi ake, nde akalakwika alibe wina wobwerekako. N'chifukwa chake imagwira kwambiri amuna ndipo imadzera kuchikazi. Kwa ife a mbumba n'zosavuta kumva: mwana wamwamuna akamatupa maondo, funsani za amalume ake. Koma gene ya von Willebrand ili pa chromosome 12, imene mwamuna ndi mkazi onse ali nayo iwiri. Imatha kudzera kwa amayi, imathanso kudzera kwa abambo, ndipo sisankha. Kungoti mkazi thupi lake limayesedwa mwezi ndi mwezi, kenako pobereka, pamene mwamuna atha kufika zaka 30 asanazulitseko dzino.

Tiyeni m'chigafa

Aliyense amene anakhalapo m'chigafa nthawi yosankha fodya amadziwa kuti belo limagwa mtengo pa zifukwa zosiyana. Lina fodya wake ndi wabwino koma sikelo yachepa. Lina sikelo yakwana ndithu koma tsamba lake ndi lothothoka, kapena lankhungu, kapena lasakanikirana. Ndipo pali mlimi wina amene chaka chimenecho ku Chinkhoma sapitako n'komwe chifukwa matalala anamaliza zonse. Onse atatu akulira ndalama, koma mankhwala a vuto lawo ndi osiyana.

Madokotala nawo amasankha chimodzimodzi. Type 1 ndi sikelo yochepa: zingwe zonse zilipo, zazitali ndi zazifupi, zopangidwa bwino, koma ndi zochepa. Odwala ambiri, pafupifupi atatu pa anayi alionse, ali m'gulu limeneli, ndipo kawirikawiri vuto lawo limakhala locheperapo. Type 3 ndi matalala aja: chingwe palibiretu. Iyi ndi yosowa kwambiri, mwina munthu mmodzi pa 1 miliyoni, koma ndi yoopsa, chifukwa popanda chingwe factor VIII nayenso amagwa, munthu n'kumatayira magazi m'maondo ndi m'minofu ngati wa hemofiliya. Imabwera mwana akalandira gene yolakwika mbali zonse ziwiri, kwa amayi ndi kwa abambo, n'chifukwa chake imaoneka kwambiri kumene achibale amakwatirana. Za ukwati wa pachisuweni sindikuweruza munthu, koma ngati mbali zonse ziwiri kuli mbiri yotaya magazi, nkhaniyi ndi yofunika kuikamba chinkhoswe chisanachitike.

Pamene pali nkhani yokoma ndi pa Type 2, sikelo yokwana kapena yocheperako pang'ono koma tsamba lolakwika. Kuti aone kulakwikako, a mu labu amatenga madzi a m'magazi n'kuwaika pa kanthu konga jelly, n'kudutsitsapo magetsi. Zingwe zazifupi zimathamanga kupita kutali, zazitali zimatsalira m'mbuyo, nde pamapeto pake pamatuluka chithunzi cha timizeremizere tosanjikizana ngati makwerero. Kwa munthu wabwinobwino makwerero amakhala okwana. Kwa ena, masitepe a zingwe zazitali amasowa. Njira imeneyi itafala m'zaka za m'ma 1980, gulu lililonse la akatswiri likaona makwerero achilendo linkapereka dzina latsopano, IIA, IIB, IIC, IID, mpaka zilembo kutsala pang'ono kuwathera. Mu 1994 komiti ya akatswiri a magazi yotsogoleredwa ndi J. Evan Sadler wa ku America inati ayi, zachuluka, n'kuziphatikiza m'magulu anayi. Anazikonzanso mu 2006, ndipo ndi zimene zikugwira ntchito mpaka pano.

Type 2A, imene imapezeka kwambiri pa anayiwa, ndi ya zingwe zazifupi zokhazokha. Mwina thupi limalephera kulumikiza tizidutswa tija kuti titalike, mwina limalumikiza bwino koma malo odulira aja amakhala poyera, sizasi n'kumangodula mosaleka. Zili ngati kufuna kumanga mtolo wa nkhuni ndi tizingwe totalika ngati chala. Mukatiyeza pa sikelo tikwana, koma mtolo sumangika.

Type 2B ndi imene inandidabwitsa kwambiri nditayamba kuwerenga za nkhaniyi. Apa chingwe sichofooka ayi, n'chomata mopitirira. Sichidikira bala. Chimangogwira ma platelet m'njira magazi akuyenda, ndipo thupi likaona timibulu timeneti limatichotsa tonse, chingwe ndi ma platelet omwe. Bala lenileni likabwera, zingwe zazitali zatha, matumba a mchenga nawo achepa. Munthu akutaya magazi chifukwa ulimbo wake ndi wamphamvu kwambiri, mwamva zimenezo? Ndipo kuno kwathu n'zosavuta kusokonezeka, chifukwa malungo nawo amagwetsa ma platelet. Kusiyana kwake n'koti wa malungo akachira ma platelet amabwerera, pamene wa 2B amatsikatsikabe, makamaka ali woyembekezera, akadwala kapena akachitidwa opaleshoni, ndipo ukafufuza umapeza abale ena ali chimodzimodzi.

Type 2M makwerero ake ndi okwana bwinobwino, zingwe zazitali zilipo, chilembo M chikuimira multimer. Koma malo ogwirira ma platelet, kapena ogwirira khoma la mtsempha, ndi akufa. Ulimbo wouma. Belo looneka bwino kunja.

Type 2N, N wake ndi wa Normandy, dera la ku France kumene kunachokera mmodzi mwa odwala oyamba kudziwika cha m'ma 1990. Chingwechi chimamata bwino, kutalika kulinso bwino, koma mbereko yake ndi yong'ambika. Factor VIII sakhazikika pamsana, amagwa, thupi n'kumuchotsa. Ukayeza umapeza factor VIII wochepa, nde umangoti ndi hemofiliya yocheperako. Kulakwitsa kumeneku kuli ndi mtengo wake. Choyamba, ukamupatsa factor VIII yekha monga amachitira ndi wa hemofiliya, amatha msanga chifukwa womubereka palibe. Chachiwiri, banja limauzidwa zolakwika, kuti nthendayi yadzera kwa amayi ndipo ana aakazi ali pabwino, pamene 2N imafuna mbali zonse ziwiri ndipo mtsikana atha kudwala ngati mnyamata. Tikudziwa m'mene mawu oti "matendawa abwera ndi mkaziyu" amapasulira mabanja kuno.

Mitundu inayo, Type 1, 2A, 2B ndi 2M, kawirikawiri imangofuna kholo limodzi. Mwana aliyense amakhala ndi mwayi wa theka wotengera, ngakhale kuti pa Type 1 ana a mimba imodzi atha kusiyana kwambiri, wina kuvutika, wina osadziwa n'komwe.

Giredi ndi imene imasankha mankhwala

Mwina mukuti, zonsezi n'za ma exam a ku koleji, ife zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza pa mankhwala.

Pali mankhwala otchedwa desmopressin, amene dokotala wa ku Italy, Pier Mannucci, anaonetsa mu 1977 kuti amathandiza pa nthendayi. Iwo sabweretsa chingwe chatsopano. Amangogogoda pa nkhokwe za m'makoma a mitsempha kuti zitulutse zingwe zimene zinasungidwa. Kwa wa Type 1 zimayenda bwino: zingwe zake ndi zabwino, nde zikatuluka zambiri kwa maola angapo dzino limazulidwa mwamtendere. Kwa wa Type 3 m'nkhokwe mulibe kanthu, ungagogode mpaka kucha. Kwa wa 2A ndi 2M zimatuluka zambiri koma zolakwika zomwezo, nde ena zimawathandiza pang'ono, ena ayi, mpaka ayambe amuyesa kaye. Koma kwa wa 2B, kutulutsa zingwe zomata zija zambiri nthawi imodzi kumakokolola ma platelet otsalawo. N'chifukwa chake madokotala amapewa mankhwalawa pa 2B. Jakisoni yemweyo, anthu anayi, zotsatira zinayi.

Amene desmopressin sawathandiza amafunika kupatsidwa chingwe chenichenicho, chochokera m'magazi a anthu ena kapena chopangidwa ku fakitale. Mabotolo amenewa ndi odula kwambiri. Kumene kulibe, madokotala amagwiritsa ntchito mbali ina ya magazi operekedwa yotchedwa cryoprecipitate, imene imakhala ndi von Willebrand factor ndi factor VIII wambiri. Nde a Malawi Blood Transfusion Service akabwera pasukulu kapena patchalitchi, dziwani kuti botolo lanu limodzi amatha kuligawa zigawo zothandiza anthu osiyana, si a ngozi za pamsewu okha ayi.

Uthenga wabwino ndi woti pali mankhwala amodzi osadula kwambiri amene sasankha giredi: tranexamic acid. Anawatulukira ku Japan mu 1962, ntchito ya mayi wasayansi Utako Okamoto ndi mwamuna wake. Iwo amaletsa thupi kusungunula msanga magazi amene aundana kale. Amathandiza pa msambo wochuluka, pa kamfuno, pozula dzino. Kafukufuku wamkulu wotchedwa WOMAN, wa amayi oposa 20,000 m'maiko 21 kuphatikizapo Zambia ndi Tanzania, anaonetsa mu 2017 kuti mayi wotaya magazi atabereka akapatsidwa mankhwalawa pasanathe maola atatu, imfa zobwera chifukwa chotaya magazi zimachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma chonde, awa si ogula nokha n'kumamwa chifukwa mwawerenga pano. Munthu amene akukodza magazi, monga wa likodzo, kapena amene magazi anamuundanapo m'mitsempha, atha kupwetekeka nawo. Alembe ndi a chipatala. Kwa atsikana ndi amayi, mapiritsi ena olera komanso lupu ya mahomoni zimachepetsa msambo kwambiri, pamene lupu ya kopa imauchulukitsa. Posankha njira yolera, nenani za msambo wanu.

"Takuyezani, magazi anu ali bwino"

Apa ndi pamene ambiri amabwererera. Kuyeza kwa masiku onse, kuja amawerenga maselo a m'magazi, sikuona chingwechi. Kumangoonetsa ngati magazi achepa kapena ma platelet atsika. Ngakhale kuyeza nthawi imene magazi amatenga kuti aundane kumatha kutuluka bwinobwino kwa munthu amene ali ndi nthendayi. Nde amene wakuuzani kuti zotsatira zili bwino sananame, kungoti funso lake linali lina. Kuyeza kuchuluka kwa chingwe, mphamvu yake yomata, ndi makwerero aja kumafuna labu yapadera. Si za pa health centre, ndipo njira yake ndi ya kutumizidwa, kuchoka kuno kupita ku chipatala cha boma ku Kasungu, kenako ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kuli madokotala oona za matenda a magazi.

Ngakhale labu ikhale yabwino chotani, chingwechi n'chovuta kuchigwira. Chimakwera munthu akachita mantha, akathamanga, akadwala, akakhala ndi pakati. Mwana amene walira ndi kuphiriphitha ataona singano atha kutulutsa zotsatira zabwino chonsecho akudwala. N'chifukwa chake amayeza kangapo. Anthu a gulu la magazi la O mwachibadwa amakhala ndi chingwe chocheperapo, ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, popanda matenda alionse. Magazi akasungidwa molakwika panjira yopita ku labu, zingwe zimawonongeka m'botolo momwemo, munthu wabwinobwino n'kuoneka ngati wodwala. Malangizo a 2021 a mabungwe akuluakulu a za magazi amati muyeso ukatsika pansi pa 30 pa 100 ndiye nthendayo, ndipo ukakhala pakati pa 30 ndi 50 zimadalira ngati munthuyo amatayadi magazi. Kutanthauza kuti mbiri ya munthu ndi mbali ya kuyezako.

Palinso kena kamene ife akuda tiyenera kudziwa. Kwa zaka zambiri mphamvu yomata ya chingwe ankaiyeza pogwiritsa ntchito mankhwala otchedwa ristocetin, amene amakakamiza chingwe kugwira ma platelet m'botolo. Mu 2010 akatswiri a ku Milwaukee ku America anapeza kuti anthu ambiri akuda a kumeneko ali ndi kusiyana kwakung'ono pa chingwe chawo, kotchedwa D1472H, kumene kumapangitsa ristocetin kulephera kugwira bwino. M'thupi chingwecho chimagwira ntchito bwinobwino, koma m'botolo chimaoneka chofooka, munthu n'kupatsidwa giredi ya 2M alibe vuto. Sikelo inali yokonzedwa poyeza anthu ena. Pano kuli njira zatsopano zosadalira ristocetin, ndipo malangizo a 2021 aja amalimbikitsa zimenezo. Ine ndimaona kuti dziko lathu likamagula makina a zimenezi, funso limeneli lizifunsidwa msanga, asanasaine.

Chimene tingachite tili konkuno

Popeza makwerero aja sitingawaone pa Santhe, chida chathu chachikulu ndi chimene von Willebrand anagwiritsa ntchito mu 1926: kufunsa mtundu. Iye analibe makina amene alipo lerowa, anali ndi pensulo ndi mafunso.

Msambo wopitirira masiku 7. Kusintha padi kapena nyanda pasanathe maola awiri, kapena kudzuka usiku zofunda zitanyowa. Zibuma za magazi zazikulu kuposa chitsekerero cha botolo la Fanta. Makamaka ngati zinayamba pa msambo woyamba penipeni. Kamfuno wopitirira mphindi 10, wobwerabwera. Mikwingwirima yaikulu osakumbuka chimene chakugunda, ija ena amati afiti akuyenda nawe usiku. Kabala kakang'ono kosaleka kuchucha. Dzino lozulidwa Lolemba, Lachitatu magazi akadali m'kamwa. Kuikidwa magazi pobereka, kapena kuyambanso kutaya magazi patatha sabata kapena awiri uli kale kunyumba. Chomalizachi n'chofunika kuchimvetsa: pa nthawi ya pakati chingwe chimakwera chokha, makamaka kwa a Type 1, nde kubereka kumatha kuyenda bwino. Mwana akangobadwa chimayamba kutsika kubwerera pakale, ndipo ngozi imabwera mayi atatuluka kale m'chipatala, anthu akubwera kudzaona mwana. Mayi wa mbiri yotere azinena ku sikelo mimba ikadali yaing'ono, kuti akonze zokachirira kumene kuli magazi.

Chimodzi chokha mwa zizindikirozi si umboni ayi, tisayambe kuopsezana pa WhatsApp. Msambo wochuluka uli ndi zifukwa zina zambiri, zotupa za m'chiberekero, kupita padera, njira zina zolera, ngakhale khansa ya khomo la chiberekero, ndipo zimenezo nazo n'zofunika kuyezetsa. Koma kafukufuku wa m'maiko ena anapeza kuti pa amayi 10 odandaula msambo wochuluka, mmodzi kapena kuposerapo amakhala ndi von Willebrand. Zizindikiro zikakhala ziwiri kapena zitatu, n'kupezekanso kwa abale, imeneyo ndi nkhani yoti a chipatala aimve yonse pamodzi. Funsani mbali zonse, kuchikazi ndi kuchimuna. Azakhali a kwa abambo atha kukhala ndi yankho limene amayi anu alibe.

Anyamata, inunso musathawe. Musanapite ku mdulidwe kapena kokazulitsa dzino, ngati mumatuluka kamfuno kawirikawiri kapena m'bale wanu anavutikapo kuleka magazi, nenani asanagwire chitsulo. Si umantha. Ndipo kamfuno akayamba, zopenya kumwamba zija siyani, mumangomeza magazi. Khalani pansi, weramirani kutsogolo, finyani pofewa pa mphuno mphindi 10 mpaka 15 osasiyasiya kuti muone.

China ndi mankhwala a m'maokala. Asipirini amafoola ma platelet kwa pafupifupi sabata yathunthu. Bulufeni ndi diclofenac nawo amawafoola. Tsono taganizani: mtsikana wa chingwe chochepa kale, m'mimba mukupweteka chifukwa cha msambo, akugula bulufeni pa okala mwezi ndi mwezi. Kwa anthu ambiri bulufeni amathandizadi pa msambo, koma kwa iye ndi kuthira madzi padenga lodontha. Panado alibe vuto limeneli. Ndipo amene wataya magazi miyezi yambiri, akumva chizungulire, kupuma mwawefuwefu pokwera kachitunda, m'maso mwayera, akayezetse kuchepa kwa magazi alandire mapiritsi a ayironi. Ana ena amene timawanena kuti ndi aulesi m'kalasi, magazi ndi amene anawathera.

M'dziko muno muli bungwe la odwala ndi mabanja awo, Society of Haemophilia and Allied Disorders, ndipo pa 17 April chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira matenda otaya magazi. Mawu oti allied disorders amenewo akuphatikiza nthenda takambiranayi, nde atsikana nawonso ndi kwawo kumeneko.

Amene mwafika poyezedwa n'kupezeka nayo, musachoke m'chipindamo ndi dzina lokha. Funsani kuti ndi type yanji, ndipo ngati sanathe kudziwa, alembe kuti type sinadziwike, kuti wina asadzangoganizira. Zilembedwe patsamba loyamba la kabuku ka kuchipatala, pamodzi ndi mankhwala amene anakuyesani ndi m'mene anagwirira. Jambulani tsambalo pa foni, mutumizirenso m'bale mmodzi amene angakuperekezeni usiku, chifukwa kabuku kamanyowa, kamatayika, ndipo tsiku la ngozi mwina olankhula sadzakhala inu.